M'mene Dziko la Kumawa Linagwera m'Manja mwa Angerezi

Amuna ambiri a kwa Mfumu Mlolo, m'dera la Chadiza, anatsikira pansi m'migodi ya ku Nkana, Mufulira ndi Luanshya, ena nafika ku Walale. Koma njira imene inawaturutsa m'midzi mwao inalambulidwa kale, m'masiku a makolo ao, ndipo anailambula ndi zinthu zitatu: pepala, mfuti ndi msonkho.

Coyamba cinali pepala. M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire. Malirewo anadula pfuko la Acewa pakati, kotero kuti Undi, mfumu yao yaikuru, anatsala ku Mano m'dziko la Apwitikizi, pamene anthu ace ena, monga a kwa Mlolo, anawerengedwa a Angerezi. Masiku omwewo Mjeremani wina, dzina lace Carl Wiese, anatenga kalata kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, yomlola kukumba miyala ya mtengo wapatali. Cifukwa ca kalatayo, m'caka ca 1895 kampani ya North Charterland inapatsidwa dziko la masikweya mailo 10,000. Acewa amene analima nthaka imeneyo cibadwire sanafunsidwe kanthu.

Azungu a kampaniyo anakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni munali golidi wambiri. Koma Nsingo, mwana wa Mpezeni, pamodzi ndi anyamata a nkhondo, sanakondwere kuona alendo alikumanga malinga pakati pao. Tsono m'mwezi wa January 1898 kunafika asilikari ocokera ku Nyasaland, Amwenye ndi anthu akuda, otsogozedwa ndi Kaputeni Brake. Angoni anadza ndi nthungo ndi zishango, koma mfuti za Maxim zinawamwaza m'masiku owerengeka. Midzi inatenthedwa, ndi ng'ombe ngati 12,000 zinalandidwa. Nsingo anagwidwa naomberedwa mfuti m'mwezi wa February. Mpezeni, ali nkhalamba, anadzipereka natengedwa kunka ku Fort Manning. Anabwezedwa kwao patapita caka, namwalira mu 1900.

Kwa Acewa nkhondo iyi inaoneka poyamba ngati cipulumutso, pakuti kwa zaka pafupifupi 30 anakhala ndi mantha a Angoni, amene anali kufunkha midzi ndi kugwira anthu. Tsopano anatha kulima osaceukaceuka. Koma mtendere umenewo unadza ndi mtengo wace. Boma linamangidwa pa Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, ndipo pofika 1901 nyumba iri yonse inayenera kupereka msonkho wa masheleni 3. Golidi uja anapezeka wocepa, nchito za ndalama zinasowa, ndipo munthu sakanatha kukhoma msonkho ndi cimanga ca m'nkhokwe. Cotero amuna anamanga mitolo nayenda pansi, kuoloka Zambezi, kukafuna nchito ku migodi ndi ku minda ya Azungu ku Southern Rhodesia. Pamene migodi ya mkuwa inakula ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, miyendo inatembenukira kumeneko.

Cowawa coposa cinali ca nthaka. Ngakhale mu 1924 ulamuliro unacoka m'manja mwa kampani ya British South Africa nulowa m'manja mwa Boma la ku London, dziko lija linakhalabe la North Charterland. Mu 1928 malo osungira anthu akuda anadulidwa, ndipo midzi yambiri ya Acewa, Angoni ndi Ansenga inasamutsidwira m'menemo. Anthu anapanikizana, nthaka inaguga nikokoloka, njala niciruka kawirikawiri, pamene malo akuru amene anacotsedwako anangomera chire, kudikira Azungu amene sanadze onse. Mabvuto atakula, Boma linagula kwa kampaniyo maekala oposa 3,000,000 m'caka ca 1941, ndipo anthu anayamba kubwerera. Undi nayenso anali ataoloka malire mu 1935, nabvomerezedwa kukhala mfumu yaikuru ya Acewa mu 1937.

Ulamuliro wa Angerezi unatha pa 24 October 1964, patapita zaka 66 cigonjetsere Angoni. Nkhondo ya mfuti inangotenga masabata ocepa, ndipo anthu aikumbukira cifukwa ca Nsingo. Koma m'midzi monga ya kwa Mlolo, akazi amene analima okha ndi ana amene anakula osaona atate ao ndiwo anasenza katundu wa kugonjako kufikira mibadwo iwiri.