Malire a kulemera kwa malole nthaka ikamasungunuka

Malire a kulemera kwa malole nthaka ikamasungunuka: lamulo la kanthawi lochepetsa katundu amene malole amaloledwa kudutsa naye pamsewu nyengo yozizira ikamatha.

Limagwira ntchito m'madera ozizira kwambiri, monga Canada ndi kumpoto kwa United States. Kumeneko madzi a pansi pa msewu amaundana. Kukayamba kufunda, amasungunuka kuyambira pamwamba pomwe pansi pakadali poundana, motero amasowa kolowera. Dothi limafewa ngati phala, ndipo phula limang'ambika malole olemera akadutsa.

Ku Michigan, ku United States, kumene amalitcha frost law, kulemera kumachepetsedwa ndi 25 peresenti pamisewu ya konkire ndi 35 peresenti pamisewu ya phula, makamaka pakati pa Malichi ndi Meyi. Chigawo cha Quebec ku Canada anachigawa m'madera 3, lililonse ndi masiku ake.