Zikwangwani ndi Mizere ya Pamsewu (Chongwe)

Zikwangwani ndi mizere ya pamsewu ndi zizindikiro zochenjeza, kulamula ndi kulozera njira oyendetsa galimoto ndi oyenda pansi. Ku Chongwe zimapezeka makamaka pa Great East Road (T4), msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Zochenjeza zimakhala za makona atatu, zolamula zambiri ndi zozungulira. Mzere woyera umagawa msewu pakati, wachikasu umasonyeza malire a phula.

Zimawonongeka ndi dzuwa, mvula, matayala ndi akuba zitsulo. Pozisamalira amatchetcha udzu m'dzinja, kutsuka zikwangwani, kubwezeretsa zogwa ndi kupakanso utoto wonyezimira usiku. Ntchitoyi ili m'manja mwa Road Development Agency, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, ndipo ndalama zimadzera ku National Road Fund Agency.