Mwala wa Changalume ndi chigoba cha nkhono

Anyamata a kunyanja, werengani kaye mpaka pansi musanatumize kwina.

Amene munakhalako ku Ndirande mukuidziwa fakitale ya simenti ya ku Makata. Kampani imeneyi inayamba mu 1956, dziko likadali Nyasaland. Miyala ya laimu ankakumba ku Changalume m'boma la Zomba, n'kuiotcha konko, kenako n'kubwera nayo ku Blantyre kudzagaya. Ku Changalume anatsekako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kampani inakhala m'manja mwa a Lafarge mpaka mu 2021, pamene a Huaxin a ku China anaigula.

Koma nkhani yanga ili pa mwalawo. Mwala wa laimu uli ndi mpweya wa carbon dioxide womangika m'kati. Amene anazindikira ndi Joseph Black wa ku Scotland m'zaka za m'ma 1750: anayeza mwala pa sikelo, anauotcha, n'kuyezanso, anapeza kuti wapepuka. Mukaotcha makilogalamu 50 a mwala wa laimu weniweni, pafupifupi 22 amathawira m'mwamba. Osawerengera malashatu, ameneyo ndi mwala wokha. Mpweya umenewu ndi umene ukutenthetsa dziko, ndipo kukatentha mvula ya namondwe imagwa yambiri. A ku Chilobwe safuna kuuzidwa, anaona Freddy mu Malichi 2023.

Chodabwitsa n'chakuti mpweyawu umatha kubwerera m'mwala. Laimu amene timapaka kukhoma akamauma n'kulimba, ndiye kuti akumwanso mpweya uja. Vuto ndi liwiro basi. Khoma lochindikala la simenti limamwa pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri, ndipo silibweza wonse.

Apa ndi pamene pakubwera nkhono, zomwe zija timaziponda kugombe, zina mwa izo n'kumatipatsa likodzo. Chigoba chake ndi mwala wa laimu womwewo, ndipo imachiumba m'madzi ozizira, popanda ng'anjo. M'thupi mwake muli kanthu kotchedwa carbonic anhydrase. Ntchito yake ili ngati sipanala: imamanga boti ina, n'kupita pa ina, yokha osatha. Azungu amati catalyst. Akatswiri a ku Cambridge, Meldrum ndi Roughton, anakapeza m'magazi a ng'ombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Ngakhale iwe aise uli nako, n'komwe kamathandiza kuti mpweya woipa utuluke ukamapuma. Kamodzi kokha kamatha kusakaniza mpweya ndi madzi kambirimbiri pa sekondi imodzi, mpaka kufika miliyoni.

Ndiye akatswiri akuti bwanji osakaika pa chumuni cha fakitale? Pavuta n'pakuti sikapirira kutentha ndi zonyansa za mu utsi, kamafa ngati injini yopanda oyilo. Panopa akulimbana n'kupanga kolimba, ena akukopera mtima wake umene ndi zinki.

Ku Iceland anadzera njira ina. Mu 2012 a CarbFix anasungunula mpweyawu m'madzi, ngati Fanta, n'kupopera pansi m'miyala ya basalt. Pofika 2016 analengeza kuti woposa 95 peresenti unasanduka mwala zaka ziwiri zisanathe. Koma iwo ali ndi madzi ambiri ndi magetsi otchipa. Ife madzi tili nawo, za magetsi musandiyambe.

Tsopano kampani ya ku Makata ija yatembenukira ku miyala ya ku Balaka. Amene ali ndi m'bale wogwira ntchito kumeneko atifunsireko kuti makilogalamu 22 aja akukonza zowaika kuti.