Mmene Hollywood Inadzikonzera Nyengo ya Mphoto

Aliyense wotsata mafilimu a ku America amadziwa kuti chaka cha ku Hollywood chili ndi nyengo zake. Mu Juni ndi Julayi mumatuluka mafilimu a ngwazi zouluka ndi nyumba zophulika. Ikafika Okutobala mpaka Disembala, amabwera mothithikana mafilimu a nkhondo zakale, a mbiri ya anthu otchuka ndi a mabanja osokonekera, ndipo oonera amayamba kutsutsana kuti woyenera Oscar ndani. Mkanganowu sunangobuka wokha. Unachita kukonzedwa, ndipo anaukonza ndi eni makampani a mafilimu.

Mu 1927, Louis B. Mayer, bwana wa kampani ya MGM, anasonkhanitsa akuluakulu anzake n'kukhazikitsa bungwe la Academy of Motion Picture Arts and Sciences. Chimene chinkamusowetsa tulo si luso ayi, koma mabungwe a ogwira ntchito amene ankayamba kukhala ndi mphamvu. Iye ankafuna bwalo loti madandaulo a ochita zisudzo, olemba ndi otsogolera mafilimu azithera pamaso pa mabwana. Mphoto za Oscar, zimene bungweli limapereka, zinangobwera ngati ndiwo zoonjezera.

Mwambo woyamba unachitika pa 16 Meyi 1929 mu hotela ya Hollywood Roosevelt. Panali anthu pafupifupi 270, tikiti inali madola 5, ndipo kupereka mphotozo kunatenga mphindi 15 zokha. Panalibe wogunda mtima, poti opambana anali atalengezedwa kale mu Febuluwale. Filimu ya Wings, ya oyendetsa ndege za nkhondo, ndiyo inapambana. Emil Jannings, amene anasankhidwa kukhala katswiri mwa amuna, sanadikire n'komwe: analandiriratu chifanizo cha mphoto yake n'kubwerera kwawo ku Germany.

Kukopa ovota sikunachedwe. Chaka chotsatira, Mary Pickford, mmodzi mwa oyambitsa bungwelo, anaitanira oweruza kunyumba kwake ku Pickfair kuti akamwe tiyi, ndipo mphoto ya filimu yake ya Coquette inagwera iye. Anthu anang'ung'udza, ndipo pambuyo pake mavoti anatsegulidwira mamembala onse. Kuyambira 1935 kuwerenga mavoti kunaperekedwa kwa akatswiri owerengera ndalama a Price Waterhouse. Envulopu yomata yobisa mayina a opambana inabwera chifukwa cha nyuzipepala ya Los Angeles Times, imene mu 1940 inasindikiza mayina a opambana mwambo usanayambe, alendo n'kumawerenga zotsatira ali m'njira. Usiku womwewo Hattie McDaniel anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar, chifukwa cha Gone with the Wind, koma mu hotela ya Ambassador anamukhazika patebulo lapadera, kutali ndi azungu amene anasewera nawo filimuyo. Mu 1953 mwambowu unayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema, ndipo phwando la anthu ochepa linasanduka msika wa dziko lonse.

Nanga n'chifukwa chiyani mafilimu ofuna mphoto amadikira kumapeto kwa chaka? Yankho lili m'malamulo. Kwa zaka zambiri, filimu inkayenera kuonetsedwa kwa masiku 7 otsatizana m'nyumba yoonetsera mafilimu ya m'dera la Los Angeles chaka chisanathe. Ovota nawo ndi anthu, amaiwala. Filimu ya mu Malichi imakhala itazilala m'maganizo pofika nthawi yovota, pomwe ya mu Disembala imakhala idakali pakamwa pa aliyense.

Amene anaonetsa bwino phindu la lamuloli ndi Allan Carr. Mu 1978 kampani ya Universal inali ndi The Deer Hunter, filimu ya maola atatu yokhudza nkhondo ya ku Vietnam, yomvetsa chisoni moti ogulitsa ankaopa kuti anthu saifuna. Carr analangiza kuti ionetsedwe kwa masiku ochepa mu Disembala ku Los Angeles ndi ku New York, kungoti ikwanitse lamulo, olemba nkhani aitamande, kenako ibisidwe. Inatulutsidwa ponseponse chaka chotsatira, mayina a opikisana akumveka kale, ndipo mu Epulo 1979 inatenga mphoto zisanu, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse. Makampani ena anaona, ndipo njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

M'zaka za m'ma 1990, Harvey Weinstein wa kampani ya Miramax, yemwe pambuyo pake anamangidwa pa milandu yogwirira akazi, anasandutsa zonsezi kampeni ngati ya ndale: malonda odzaza masamba a magazini a Variety ndi The Hollywood Reporter, maphwando, mafoni kwa ovota. Mu 1999 Shakespeare in Love inagonjetsa Saving Private Ryan ya Steven Spielberg, ndipo okonda mafilimu ambiri sanakhululukebe. Ali ndi mfundo. Mphindi zoyambirira za filimu ya Spielberg, asilikali akutsika m'maboti ku Normandy, zikukumbukiridwabe, pomwe inzakeyo ikukumbukiridwa kwambiri chifukwa cha mmene inapambanira.

Masiku ano mpikisano umayambira ku zikondwerero za mafilimu za ku Venice, Telluride ndi Toronto, kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, n'kudutsa pa mphoto za Golden Globes ndi BAFTA, n'kukathera ku Oscar. Zolakwika sizinathe: mu 2017 envulopu inasokonekera, La La Land inalengezedwa, opanga ake anayamba kuthokoza, kenako zinadziwika kuti yapambana ndi Moonlight. Zina zasintha ndithu. Anthu atadandaula mu 2015 ndi 2016 kuti ochita zisudzo onse 20 osankhidwa anali azungu, bungwe la Academy linaitana mamembala ambiri ochokera kunja kwa America, ndipo mu 2020 Parasite ya ku South Korea inakhala filimu yoyamba yosakhala ya Chingerezi kupambana mphoto yaikulu.

Khomo limene mayiko ambiri amalowera ndi la mphoto ya filimu yakunja, kumene dziko lililonse limatumiza imodzi. South Africa inapambana ndi Tsotsi mu 2006. Malawi inatumiza koyamba mu 2018, filimu ya Shemu Joyah ya The Road to Sunrise. Chaka chomwecho Britain inatumiza I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia. Koma khomoli lili ndi lamulo lake: mawu ambiri a mufilimu asakhale a Chingerezi. Mu 2019 lamuloli linagwetsa Lionheart ya Genevieve Nnaji, filimu yoyamba imene Nigeria inatumiza, chifukwa Chiigbo chinalimo chochepa. Britain, kwawo kwa Chingerezicho, inadutsa bwinobwino ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, chifukwa anthu ake ankayankhula kwambiri Chichewa. Siinafike pa mndandanda wa opikisana omaliza.