Tcheni cha katapila ndi amisiri ake

Ku California, pafupi ndi mzinda wa Stockton, kuli dambo lalikulu pomwe mitsinje ya San Joaquin ndi Sacramento imakumana. Nthaka yake ndi yachonde koma yofewa, moti mathirakitala olemera oyendera nthunzi ankangotitimira. Benjamin Holt, yemwe ankapanga makina a ulimi kumeneko, anayamba wakulitsa mateyala achitsulo kuti akhale otakata, koma sizinathandize. Mu Novembala 1904 anachotsa mateyala akumbuyo pa thirakitala ina n'kuikapo matcheni omangiriridwa matabwa, ndipo inayenda pamwamba pa matope aja. Sanali woyamba. Alvin Lombard wa ku Maine anali atapanga kale mu 1901 makina a matcheni okokera mitengo pa chipale chofewa, ndipo ku England kampani ya Hornsby ya ku Grantham inali pa ntchito yomweyo. Koma a Holt ndi amene anafika nazo patali, ndipo mu 1925 kampani yawo inaphatikizana ndi ya C. L. Best n'kukhala Caterpillar.

Katapila wokhala ndi chidebe chotapira dothi kutsogolo anabwera pambuyo pake. Kampani ya Trackson ya ku Milwaukee inkamanga zidebe zokwezedwa ndi zingwe pa mathirakitala a matcheni, mpaka Caterpillar inaigula mu 1951. Mu 1955 kunatuluka makatapila a chidebe otchedwa 933, 955 ndi 977. Ine ntchito ndinaphunzirira pa 955, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa tcheni chake ndimamuzindikira ndisanamuone.

Makina otere anachuluka kwathu kuno pa nthawi yomanga misewu, madamu a m'maesiteti ndi mzinda wa Lilongwe, womwe unakhala likulu mu 1975. Ena anali a PVHO, bungwe la boma lobwereketsa makina, ena a makontilakitala. Sipeya ankachokera kutali ndipo ankachedwa, choncho panabadwa gulu la amakaniko omwe luso lawo lonse linali la pansi pa katapila: tcheni, marola, sipuroketi (teyala la mano loyendetsa tcheni) ndi idler (teyala lakutsogolo lopanda mano). Ogulitsa makinawa amanena okha kuti pafupifupi theka la ndalama zokonzetsera katapila zimathera pamenepa, osati pa injini.

Madala amene anandiphunzitsa anatengera ntchitoyi ku migodi ya ku Zambia. Sankalola kuti mwana agwire sipanala asanayende mozungulira makina. Ankati, "Iwe mwana, wagwira rola?" Katapila akangoima kuchokera ku ntchito, umayenera kusendeza dzanja pafupi ndi rola iliyonse. Yotentha kuposa zinzake ndiye kuti yatha mafuta. Yozizira koma yophwa mbali imodzi ndiye kuti inasiya kalekale kuzungulira, tcheni chikungoyipala. Kenako umayang'ana mano a sipuroketi ngati asongoka, ndi nkhope ya idler ngati yadyeka mbali imodzi. Ukamaliza apo m'pamene ankakulola kunena matenda a makinawo.

Matenda aakulu ndi amodzimodzi kuchokera nthawi ya Holt. Tcheni ndi mfundo zolumikizidwa ndi pini yolowa m'bushi, ndipo pa matcheni akale munalibe mafuta m'katimo. Chitsulo chinkakhuzana ndi chitsulo chinzake, mchenga uli pakati. Pini ikadyeka pang'ono, bushi nayo pang'ono, mfundo iliyonse imatalika, ndipo mukaphatikiza mfundo zonse tcheni chimakhala chitakula. Apo chimayamba kupindikapindika ngati njoka, bushi sikhalanso bwino pakati pa mano a sipuroketi, imakwera pamwamba, ndipo tsiku lina pokhota tcheni chimavuka. Tinkayeza ndi tepi kutalika kwa mfundo zinayi tcheni chitakokedwa, kutali ndi pini yotsekera, n'kuyerekeza ndi zolembedwa m'buku la makinawo.

Katapila wa chidebe amadya tcheni kuposa wokankha dothi. Wokankhayo amapita kutsogolo nthawi yaitali, pomwe uyu tsiku lonse ndi kutapa, kubwerera m'mbuyo, kukhota, kukhuthulira m'lole. Pobwerera m'mbuyo bushi imapotokera pa dzino la sipuroketi itasenza katundu, ndiye imatha msanga. N'chifukwa chakenso nsapato za tcheni chake zimakhala ndi timizere titatu tatifupi m'malo mwa mzere umodzi wautali, kuti azikhota osakumba pansi. Dalaivala wozolowera kukhotera mbali imodzi timamudziwa asanalankhule, poti tcheni cha mbali ina chimakalamba chinzake chikadali bwino.

Ambiri tcheni chikavuka amathamangira kuchikoka kwambiri, ndipo apa ndi pomwe ndimakangana ndi eni makina. Tcheni chokoka mopitirira chimadya mabushi, idler ndi mabering'i a final drive, chimabanso mphamvu ya injini. Chiyenera kugwa pang'ono pakati pa idler ndi rola yam'mwamba, mwa muyeso wa m'buku. Ndipo muyesowo uyenera kutengedwa pomwe makina akugwirira ntchito. Makande a m'dambo amamatirira pa sipuroketi n'kuumitsa tcheni chomwe m'mawa chinali bwino, choncho nthawi ya dzinja timachimasula pang'ono ndi kufukula matope madzulo aliwonse. Mchenga wa kunyanja sumata, koma umapera chitsulo mwakachetechete. Katondo wouma ndiye wachifundo pa onsewa.

Pa makina akale kwambiri tcheni tinkachikoka ndi nati yaikulu, anthu awiri atakolekera paipi ku sipanala. Kenako kunabwera silinda ya girizi: ukapopa, idler imasunthira kutsogolo, ukamasula valavu, girizi amatuluka tcheni n'kufewa. Zinapepuka, koma zinabwera ndi ngozi. Girizi ameneyo amakhala wopanikizika koopsa, moti valavu imamasulidwa pang'onopang'ono, osaposa kuzungulira kamodzi, nkhope ili kumbali. Sipuling'i yaikulu ili kuseri kwa idler siyophwasulira pabwalo ayi, ikhoza kupha munthu. Mukapopa madzulo n'kupeza m'mawa tcheni chafewanso, vuto ndi silo ya silindayo. Mukapopa mpaka idler kufika kumapeto tcheni chili chofewabe, ndiye kuti mapini atha.

Pamenepo kale tinkatembenuza. Tcheni chonse chinkapita pa pulesi, mapini ndi mabushi n'kutulutsidwa, n'kubwezeredwa mbali yosadyeka itayang'ana ku ntchito. Marola ndi idler tinkaziwotcherera mzere pamwamba pa mzere mpaka zitabwerera msinkhu wake, ntchito yotenga nthawi ndi yofuna dzanja lokhazikika, poti ukatenthetsa mbali imodzi rola imapindika. Njira yachidule yomwe yafala tsopano ndi yochotsa mfundo imodzi. Tcheni chimalimba ndithu, ndipo ndimamvetsa munthu amene ali ndi kontilakiti yoti amalize mvula isanagwe. Koma mfundo zotsalazo zikadali zotalika, ndiye sipuroketi imalipira.

M'ma 1970 kunabwera matcheni otsekeredwa mafuta m'kati mwa pini, ndipo kutalika kuja kunachepa kwambiri. Cha m'ma 1980 Caterpillar inatulutsa 943, 953 ndi 963, injini ili kumbuyo, zoyendera mphamvu ya mafuta opopedwa m'malo mwa makilatchi okhotetsera. Kenako ma excavator ndi makina a chidebe a mateyala analanda ntchito zambiri za katapila wathu. Amene atsala ali m'makwale, m'maesiteti ndi kwa makontilakitala ang'onoang'ono. Anyamata omwe akubwera kwa ine masiku ano amadziwa za magetsi a makina kuposa ine, ndipo ndimawafunsa zambiri. Koma ambiri sanaonepo pulesi ya matcheni ikugwira ntchito, ndiye 955 akatifikira ndimayamba kuwaonetsa pomwe tepi imagwira pa pini.