Chileyi, ngolo ndi lole ya mawaya: zaka za zidole za ku Chisemphere

Mwana wa ku Chisemphere, kumpoto kwa Kasungu, akafuna galimoto sadikira kuti bambo ake agulitse fodya. Amapanga yekha, ndipo ana akhala akutero kuyambira makedzana. Koma wina atatsitsa chidole chakale kudenga la nyumba ya agogo n'kufunsa kuti adachipanga ndani, chaka chanji, ambiri tingangokanda m'mutu. Chilibe dzina, chilibe chidindo. Yankho lake lilipo ndithu, pakuti mwana amatengera chimene chikudutsa pamsewu wa kwawo, ndipo amachipanga ndi zimene akuluakulu a nthawi yake ataya kudzala.

Anzathu a kumayiko ozizira ntchito yodziwa zaka za chidole siiwavuta. Kumeneko ana amatsetsereka pa chipale chofewa atakwera kachileyi ka matabwa ndi zitsulo. Kotchuka kwambiri ndi Flexible Flyer, kamene Samuel Leeds Allen adalembetsa ku boma la America mu 1889. Kampani yake ya ku Philadelphia inkapanga zipangizo zaulimi, ndipo tizileyi tidabwera kuti antchito asamangokhala m'miyezi imene ntchito ya zolimira yatha. Osonkhanitsa zinthu zakale amayang'ana chithunzi cha chiwombankhanga pa thabwa lapakati, chimene chidasinthasintha ndi zaka, amawerenga nambala ya mtundu wake, n'kuonanso m'mene chitsulo chotsetserekera adachipindira kumbuyo. Akatero amatchula zaka molimba mtima.

Kwathu chileyi chidayamba ndi akuluakulu. Pamene asilikali a atsamunda ankagonjetsa Mwase Kasungu mu 1895, katundu yense kuno ankayenda pamutu. Ng'ombe zambiri zinali zitatha ndi mliri umene udasesa Africa m'zaka za m'ma 1890, ndipo pambuyo pake kashembe adafalikira m'nkhalango za kuzambwe kwa bomali. Madera a kumpoto, oyandikana ndi Angoni a kwa M'mbelwa, ndiwo anali pafupi ndi makola a ng'ombe. Luso lozimanga pagoli lidakula ndi amuna obwera ku Halale ndi ku Joni, amene adaona m'mapulazi ng'ombe zikukoka pulawo ndi chileyi. Chileyicho sichinkafuna mmisiri: mtengo wa mphanda, timitengo topingasa, tcheni, basi. Chimanga, nkhuni, mapaso, ngakhale wodwala, zonse zinkakwera pomwepo. Ana nawo adathyola kamphanda, n'kumanga luzi, n'kuika patsogolo ng'ombe ziwiri zadothi zokhala ndi malinunda awo.

Alangizi a zaulimi sadachikonde chileyi. Pomwe chadutsa chimasiya mzere, mvula ikagwa mzerewo umasanduka ngalande, ngalande n'kukhala chigwembe. Ku Southern Rhodesia boma lidachita kuchiletsa ndi lamulo. Kuno, malamulo a malimidwe atakhwima pambuyo pa 1946, alimi otsogola ankalimbikitsidwa kugula ngolo, ndipo m'nthawi ya Kamuzu mchikumbe weniweni ankadziwika ndi pulawo ndi ngolo pakhomo. Ana adasintha nawo. Kangolo ka mapesi kolumikiza ndi minga, mateyala a dothi kapena odula ku chitsononkho, kamtengo kolowa pakati pa ng'ombe ziwiri zija.

Za m'badwo umenewu musavutike kuzifuna. Mapesi ndi ndiwo za chiswe, dothi losawotcha limasungunuka ndi mvula yoyamba. Wina akakuonetsani kangolo ka mapesi n'kunena kuti n'ka m'ma 1950, akukuonetsani luso lakale m'manja atsopano.

Waya adabwera ndi fodya. Bungwe la Colonial Development Corporation lidayamba kulima fodya wa m'balani ku Kasungu m'zaka za m'ma 1950, kenako kudabwera Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndipo m'ma 1970 maesiteti a Press Farming, General Farming ndi a anthu apamwamba m'boma adadzaza chigwa chonse. Esiteti inkabweretsa zinthu ziwiri zimene mwana ankasowa: choti aone ndi choti apangire. Choona chinali thirakitala yokoka ngolo ya nkhuni za kubalani, Land Rover ya manijala, ndi lole yosenza mabelo. Chopangira chinali waya wa mpanda, chubu chophulika, zitini za mafuta ndi zidutswa za chiguduli. Ana a matenanti, amene makolo awo ankadya za ngongole mpaka fodya atagulidwa, sakadalota n'komwe chidole cha m'sitolo, ndipo m'makomboni amenewo munkatuluka amisiri oopsa. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene luso lidafika pachimake: chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, mateyala akutsogolo okhota ukapinda dzanja, masipuling'i onyamuka lole ikagunda mwala, ndi timabelo ta chiguduli tosokedwa bwinobwino kumbuyo. Mbiri ya luso limeneli idafika ndi kunja komwe. Mu 1990 Karen Lynn Williams, yemwe adakhalapo m'Malawi, adatulutsa ku America buku la ana lotchedwa Galimoto, la mnyamata wofunafuna mawaya m'mudzi.

Tsono waya sawola msanga, ndiye zidole za kuyambira nthawi imeneyi zimapezekabe, ndipo kuwerenga zaka zake n'kotheka. Yambani ndi mateyala. Zitsekerero zachitsulo za mabotolo ndi zitini za polishi zidatsogola, mateyala odula ku patapata adatsatira, zitsekerero zapulasitiki n'za posachedwa. Kenako onani chimene mwanayo ankatengera. Basi yolembedwa UTM ndi ya mwana amene adaona mabasiwo asanagulidwe ndi Stagecoach mu 1989. Ya mizere ya Stagecoach ikuloza zaka zofika 1997, pamene dzina lidasanduka Shire Bus Lines. Kapikiapu kodzaza anthu ndi mabelo ndi ka nthawi ya matola, alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990. Njinga yamoto yokhala ndi wokwera kumbuyo ndi ya m'badwo wa kabaza.

Umboni wosakanika kwenikweni ndi makadi a mayunitsi, amene ana ankamata ngati nambala ya galimoto kapena chitseko. Khadi la Celtel silingakhale la chaka cha 1999 chisanafike. Dzinalo lidasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Zaka ziwiri zokha za Zain zimaloza nthawi bwino kuposa chiwombankhanga cha Allen. Chenjezo n'lakuti chinthu chotayidwa chimakhalitsa kudzala, ndipo lole imodzi imatha kudutsa m'manja mwa abale atatu, aliyense akusintha mateyala. Khadi limangokuuzani chaka chimene chidole, kapena chigamba chake, sichikadapangidwa chisanafike. Mafupa a waya amakhala akale kuposa zovala zake.

Wopanga ndiye amavutirapo, koma osati kwa anthu a m'mudzi momwemo. Gulu lililonse la anyamata linali ndi katswiri wake, amene anzake ankamulipira ndi waya, mbatata yootcha kapena kumuthandiza kubweza mbuzi. Dzanja lake limaoneka pa mfundo. Wina ankamanga ndi kawaya kofiira kochotsa mu wailesi yakufa, kozungulizidwa mothinana ngati ulusi. Wina ankakhulupirira mphira ya chubu. Wina sankamanga n'komwe, ankangopinda waya mmodzi kuchokera kubampala mpaka kumbuyo. Wamanzere amapota waya mobwerera. Mukapita nacho chidole pabwalo pamene abambo akusankha fodya m'chigafa, simuchedwa kumva wina akuti, “Iyi ndi ntchito ya achimwene a uje, ankakhota chonchi ndi iwowo.” Ambiri mwa akatswiri aja lero ndi owotcherera zitsulo ndi okonza njinga ku Nkhamenya ndi pa boma pa Kasungu, ndipo ngolo zenizeni zoyenda pa ekiselo ya galimoto yakufa zimatuluka m'manja omwewo.

Masiku ano waya akusowa, chifukwa ogula zitsulo zakutha amatola chilichonse, ndipo pamsika pali timagalimoto tapulasitiki ta ku China tosweka sabata isanathe. Ana asamukira ku mabotolo a zakumwa ndi mapaketi a Chibuku. Chokoka pansi nacho chidakalipo: chigubu chong'ambika amachidula pakati, kumanga chingwe, kukweza mng'ono wawo, n'kumathamanga naye pabwalo kapena kutsetsereka naye pachulu.

Ku Chichiri Museum ku Blantyre kuli mutu wa sitima ndi makina akale a azungu ndi a boma. Zoyendera za ana a m'midzi ya fodya zikadali m'madenga ndi kuseri kwa nkhokwe. Ngati kwanu kuli lole ya mawaya yotere, musaipereke kwa ogula zitsulo. Funsani akuluakulu adakali moyo, mulembe dzina la wopanga, mudzi ndi chaka pa kapepala, mumangirire ku chiwongolero.