Mawu ndi Nzeru za Mpando Woyenda Uli Pamalo Amodzi

Aliyense amene anakwerapo lole ya matola kuchokera pa Kapoka kulowera ku mapiri a Misuku, kumene msewu umakhotakhota pakati pa minda ya khofi ndi nthochi, kapena amene anatsikapo kuchoka pa boma la Chitipa kulinga ku Karonga, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 umene tsopano uli wa phula, akudziwa kuti munthu angathe kutsinzina maso ake onse awiri, nafunda chitenje kumutu, koma thupi lake lidzamuuzabe mosaphonya kuti apa takwera chitunda, apa adalaivala aponda buleki, apa takhotera kumanzere, apa tayala lagwa m'dzenje. Nzeru imeneyi, imene Mlengi anaibisa m'mutu mwa munthu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, ndiyo maziko a luso limene ndifuna kulongosola pano, luso lopanga mpando wogwedezeka motsatana ndi galimoto ya mpikisano ya m'masewera a pa kompyuta, kotero kuti wokhalapo amamva ngati ali pamsewu pamene mpandowo sunachoke pa simenti ya m'nyumba mwake. Amisiri ake amautcha motion simulator, ndipo ali ndi mawu awoawo amene munthu ayenera kuwamvetsa asanagule ngakhale bawuti limodzi, pakuti safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi khutu, popeza mpandowu sulankhula ndi maso ayi. Kuseri kwa nembanemba imene timamvera mawu kuli timachubu titatu tokhota mozungulira, todzaza ndi madzi, toikidwa moyang'ana mbali zitatu zosiyana, kuti mutu ukatembenukira kulikonse, madziwo atsalire pang'ono ndi kukankha timaubweya timene timapereka uthenga ku ubongo. Pambali pake pali timatumba tiwiri mmene muli timiyala tating'ono zedi togona pa timaubweya tina, ndipo timeneti ndi timene timamva kukankhidwa ndi kupendekeka. Za ziwalo zimenezi tisunge zinthu ziwiri mumtima. Choyamba nchakuti sizimva liwiro lokhazikika, koma kusintha kwa liwiro kokha. Nchifukwa chake munthu amagona tulo tabwino m'basi yothamanga pamsewu wosalala, nadzidzimuka pokhapokha basiyo ikaima mwadzidzidzi. Chachiwiri nchakuti timiyalato sitidziwa kusiyanitsa pakati pa kukankhidwa kutsogolo ndi kugadamitsidwa chambuyo, pakuti zonse ziwiri zimatikokera mbali imodzimodzi. Luso lonse la mpandowu lakhazikika pa chofooka chimenechi.

Chinthu chilichonse cholimba, kaya ndi lole, kaya ndi bwato la asodzi ku Karonga, kaya ndi ndege, chingathe kuyenda m'njira 6 zokha, zimene amisiri amazitcha degrees of freedom, kapena DOF mwachidule. Zitatu nzozungulira. Pitch ndiko kuwerama ndi kugadama, monga ichitira mphuno ya galimoto poponda buleki ndi poponda moto. Roll ndiko kupendekeka cham'mbali pokhota. Ndipo yaw ndiko kupotoloka kwa galimoto yonse, mphuno kuloza uku, mbuyo kuthawira uko, chimene achidziwa bwino madalaivala a msewu wa ku Wenya ndi Nthalire m'nyengo ya dzinja, matayala a m'mbuyo akayamba kuterereka m'matope. Zitatu zinazo nzosuntha molunjika: surge ndiko kukankhidwa kutsogolo kapena kumbuyo, sway kumanja kapena kumanzere, ndipo heave ndiko kunyamulidwa ndi kugwetsedwa pa mabampu. Mpando wochita zonse 6 umafuna miyendo 6 yofutukuka ndi kufupika, makonzedwe amene Eric Gough anawagwiritsa ntchito poyesa matayala ku kampani ya Dunlop m'zaka za m'ma 1950, namveka ponseponse ndi dzina la Stewart platform atawalongosola D. Stewart mu 1965. Umenewo ngwa anthu a chuma ndi masukulu a oyendetsa ndege. Woyamba kumene ayambe ndi 2DOF, ndiwo mpando wongowerama ndi kupendekeka, ndipo asauone ngati wachabe, pakuti pa zifukwa zimene ndizitchule posachedwa, mayendedwe awiri amenewa angathe kunamizira anayi.

Asaganize wina kuti luso limeneli linabadwira m'nyumba zaulemerero. Edwin Link wa ku Binghamton m'dziko la America, pamene anamaliza mu 1929 kabokosi kake kophunzitsira anthu kuyendetsa ndege ali pansi, anakagwedeza ndi mivukuto ya mphepo imene anaidziwira m'fakitale ya atate ake yopanga mapiyano ndi maogani. Asilikali a dzikolo anagula mabokosi 6 mu 1934, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabokosi otere anapangidwa oposa 10,000. Ku masewera kunafika pambuyo pake; mwachitsanzo, kampani ya Sega ya ku Japan inatulutsa Out Run mu 1986, yokhala ndi mpando wopendekeka pokhota. Kwathu kunonso, pa nzeru yopanga zinthu popanda chuma, tili naye William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene mu 2002, ali ndi zaka 14, anatulutsa magetsi m'mphepo ndi zitsulo zotola kudzala.

Tsopano tifike pa mawu awiri amene ali mtima wa nkhani yonse. Oyamba ndiwo tilt coordination, kutanthauza kubwereka mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi. Galimoto ya m'masewera ikayamba kuthamanga, mpando sungathe kuthamanga nayo, pakuti ungaboole khoma. Koma ukagadama chambuyo, kulemera kwa munthu kumatsamira pa msana, ndipo timiyala ta m'khutu tija, pamodzi ndi maso amene akuona msewu ukudza mwaliwiro pa sikirini, timachitira umboni kuti galimoto yanyamukadi. Poponda buleki mpando umawerama, lamba nagwira pachifuwa. Pokhotera kumanja umapendekera kumanzere, kumene thupi likanaponyedwa. Masamu ake ngosavuta: kupendeka madigiri 10 kumapereka mphamvu yolingana ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a kulemera kwa thupi, ndipo madigiri 30 amapereka theka. Koma taonani msampha wake. Mpando ukapendekeka mofulumira, timachubu titatu tija timazindikira msanga kuti mutu wazungulira, ndipo bodza lonse limaululika. Chomwecho opanga mipando ya ndege amayesetsa kuti kupendeka kotere kusapitirire madigiri ngati 3 pa sekondi. Galimoto ya mpikisano imasintha liwiro mwaukali kuposa pamenepo, kotero mmisiri aliyense amakhala pakati pa zofuna ziwiri zotsutsana, changu ndi kubisa, ndipo palibe nambala imodzi imene ingamuweruzire mlanduwo.

Mawu achiwiri ndiwo washout. Mpando uli ndi malire. Ukangopita kumapeto kwa ulendo wake nukhala komweko, sudzakhalanso ndi danga lofotokozera bampu lotsatira. Uyenera tsono kupereka msanga chiyambi cha kugwedezeka, chimene thupi limachimva koposa, kenaka ubwerere pakati mwakachetechete, monga achitira mayi pogoneka pamphasa mwana amene wagona kumsana, amene amamasula mbereko pang'onopang'ono kuti mwanayo asadziwe kuti watsika. Ine ndiyesa kuti apa ndi pamene pamaonekera mmisiri weniweni, pakuti kugwedeza munthu angathe aliyense, koma kumubweza pakati iye osazindikira kumafuna kudekha.

Za zipangizo, zambiri zimapezeka kwa amakaniko ndi owotcherera zitsulo. Pansi pamakhala felemu yolemera yosasuntha, pamwamba felemu yopepuka yonyamula mpando wakale wa galimoto, ndipo pakati pa ziwirizi pamaima mfundo yachitsulo yopindika mbali zonse, yotchedwa universal joint, imene imadulidwa ku propshaft ya galimoto yakufa. Malo oikapo mfundoyi asasankhidwe mwa diso. Ikani paipi yozungulira pansi pa felemu yapamwamba, mwini mpando akhalepo, manja pa chiwongolero, mapazi pa mapedulo, ndipo anzake awiri asunthe felemuyo pang'onopang'ono kufikira itaima yokha osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Pamenepo lembani ndi choko, ndipo mpamene muwotcherere. Wolakwitsa apa adzakhala akuwotcha mamota mwezi ndi mwezi, popeza adzakhala akusenza munthu m'malo mongomupendeketsa.

Mamota amene osauka a m'maiko onse amayambira ndiwo a mawaipa, opukuta galasi la galimoto, a mavolti 12, kapena a malole a mavolti 24 amene ali ndi mphamvu yoposa. Ubwino wake ngwakuti ali kale ndi giya m'kati yochepetsa liwiro ndi kuchulukitsa mphamvu. Pa mota iliyonse pamamangidwa kamkono kachitsulo kafupi, ndipo kuchokera pa kamkonoko ndodo imakwera kukagwira felemu kuseri kwa mapewa. Mamota onse awiri akakankhira pamodzi mpando umawerama, akasemphana umapendekeka. Kamkono kakatalika mpando umayenda mtunda waukulu koma mofooka, kakafupika umayenda pang'ono koma mwamphamvu. Pali chinthu chimodzi chobisika chimene chagwetsa ambiri: m'mamota ochuluka a mawaipa waya umodzi unalumikizidwa ku chikopa cha mota yeniyeniyo, pakuti m'galimoto thupi lonse ndilo njira yobwerera magetsi. Pa mpando wathu mota iyenera kuzungulira uku ndi uku, ndipo chida chotembenuza magetsiwo, chotchedwa H-bridge, chingathe kupsa nthawi yomweyo ngati waya umenewo sunachotsedwe pa chikopa. Tsegulani mota, muupeze, muupatse njira yakeyake. Batire ya galimoto, imene mabanja ambiri aidziwa kale chifukwa cha sola, imathandiza pano, chifukwa imapirira kukoka kwadzidzidzi kwa mota ndi kumeza magetsi amene mota imabweza potembenuka. Koma pakhale fyuzi pafupi ndi batireyo.

Nanga mpando udziwa bwanji chimene galimoto ikuchita? Masewera monga Assetto Corsa, DiRT Rally ndi Euro Truck Simulator 2 amatha kutulutsa manambala ofotokoza liwiro, kupendekeka ndi mphamvu zokankha galimoto, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo mtsinje wa manambala umenewu ndiwo telemetry. Pulogalamu ina, monga SimTools kapena FlyPT Mover, imawalandira niwasandutsa malamulo a mamota, ndipo malamulowo amapita pa waya wa USB kukafika ku Arduino, kabolodi kakang'ono kamene kanayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005. Koma kulamula kokha sikukwanira. Arduino iyenera kumva ngati lamulo lachitika. Pa ichi pa mota pamaikidwa potentiometer, yofanana ndi kachitsulo kokwezera mawu pa wailesi, kapena Hall sensor imene imawerenga maginito ndipo siperepeseka msanga. Uthenga wobwererawu ndiwo feedback, ndipo kuyerekeza kosaleka kwa pamene mota ili ndi pamene iyenera kukhala kumayendetsedwa ndi manambala atatu otchedwa PID. P imakankha molingana ndi kutalika kwa mtunda wotsala. D imagwira mota kuti isapitirire malo ake. I imasonkhanitsa kotsala kakang'ono kamene kakana kutha, kufikira katatheratu. P ikachepa mpando umachita ulesi, ikachuluka umanjenjemera ndi kulira ngakhale galimoto itaima. Kwezani P pang'onopang'ono kufikira kunjenjemera kutayamba, bwererani m'mbuyo pang'ono, kenaka onjezani D. Ndipo zonsezi zichitike pa mpando pali thumba la chimanga, osati munthu.

Adani a mpando wabwino ndi atatu, ndipo onse ali ndi maina. Latency ndiko kuchedwa pakati pa chimene maso aona ndi chimene thupi limva. Backlash ndiko kugwedera kwa magiya ndi mabawuti otha, kumene kumameza timayendedwe tating'ono ndi kubala phokoso la gogodo. Clipping ndiko kufika kumalire msanga chifukwa mwini wakweza mphamvu mopitirira, kotero kuti bampu laling'ono ndi ngozi yaikulu zimamveka chimodzimodzi. Atatuwa amabala chinthu chimodzi, ndicho chizungulire ndi nseru, pakuti maso ndi khutu zikapereka umboni wosemphana, m'mimba ndi mmene mumaweruzidwa mlandu. Pafupifupi aliyense womaliza kumene mpando wake amalakalaka kuukweza kufikira kumapeto kuti anzake azizwe. Koma ndinena mosabisa kuti mpando woyenda pang'ono, pa nthawi yake, ndi woposa kutali woponya munthu uku ndi uku mochedwa. Yambani ndi mayendedwe amodzi okha, pa msewu umodzi ndi galimoto imodzi, mulembe m'kope nambala iliyonse imene mwasintha, ndipo musasinthe ziwiri nthawi imodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa inu akuluakulu a magalaja ndi owotcherera a pa Chitipa, pempho langa ndi ili: mnyamata kapena mtsikana akadza kudzafunsa mota yakale ya waipa ndi chiduswa cha propshaft, musamubweze chimanjamanja, pakuti wophunzira feedback ndi PID pa mpando wamasewera waphunzira nzeru yomweyo imene imayendetsa makina a m'mafakitale. Ndipo kwa inu ana anga amene mudzaupange, musanakhalepo tsiku loyamba, mangani swichi yaikulu yodula magetsi onse a mamota pamalo pamene dzanja lifika mosafufuza, phimbani timikono tonse tachitsulo, ndipo ana aang'ono aziima patali mpando ukamayenda, chifukwa mota yokhoza kupendeketsa munthu wamkulu ingathenso kuthyola chala.